Kumene Chala cha Mfumu Chinaloza

Ufumu wa Tamverani unali ndi mitundu itatu ya anthu, chiyankhulo chimodzi, ndi mtsinje umodzi waukali wotchedwa Mtengazonse. Alendo ankasirira kuti anthu onsewo amamvana poyankhula. Eni dziko sankaonapo chosirira, chifukwa ankadziwa kuti munthu amene sukumva chiyankhulo chake umamukhululukira msanga, koma amene wamumva bwinobwino ndiye umamusungira chakukhosi.

Kumapiri kunali Athanthwe, amisiri a miyala, amene moni wawo unali kugwedeza mutu ndipo mawu awo sankapita m'mbali. Kumadambo kunali Adambo, odziwa madzi ndi matope, aulemu mpaka kupepesa chitsa chikawapunthwitsa. Kuchigwa kunali Afumbi, eni ng'ombe ndi ngolo, amene sankanyamula ngakhale goli asanakhale pansi kukambirana. Mtundu uliwonse unkakhulupirira kuti Chauta anaumba iwo m'mawa akadali ndi mphamvu, enawo anawaumba madzulo atatopa.

Tsiku lina Mfumu Mlozanjira Wachitatu, itamaliza nkhomaliro, inatulukira pakhonde la m'mwamba la nyumba yake mumzinda wa Bweranimawa. Inayang'ana kumtsinje, kumene chaka ndi chaka madzi ankakokolola mabwato, mbuzi ndi anthu, ndipo inatambasula dzanja n'kuloza. Inati apo payenera kukhala mlatho. Nduna zinaomba m'manja. Alembi anathamanga ndi zikhomo kukakhoma pamene ankaganiza kuti chala chagwera, ndipo m'mawa mwake lamulo linatuluka: mlathowo umangidwe mvula isanagwe, aumange anthu a mitundu yonse itatu, kuti maiko akunja aone kuti ku Tamverani kuli umodzi. Woyang'anira ntchitoyo akadzalephera adzapita ku ndende ya Pumulanipo.

Sabata imeneyo amuna onse odziwa ntchito mu unduna wa misewu anadwala msana. Choncho mwayi unagwera Mayi Dorofe Chinkwita, amene kwa zaka makumi awiri anakhala akumanga ngalande ndi timilatho ta m'makwalala popanda wina kumufunsa dzina. Amene anamusankha anali Nduna ya Umodzi ndi Kugwirana Manja, Olemekezeka a Mphepozinayi. Iwo anapeza kuti bambo ake a Dorofe anali Mthanthwe, mayi ake Mdambo, ndipo mwamuna amene anasiyana naye anali Mfumbi. Anauza khonsolo kuti mayiyu ndi umodzi woyenda ndi miyendo. Palibe anafunsa chifukwa chimene banjalo linathera, ndipo palibe anakumbuka kuti Dorofe anabadwira ndi kukulira m'tauni, kumene mwambo wokhawo umene anaphunzira unali woima pamzere.

A Mphepozinayi anali atangobwera kumene kuchokera ku msonkhano wa kunja kwa nyanja, kumene anakhala masiku anayi ndi kubwerako ndi chipewa chatsopano komanso buku. Bukulo linkaphunzitsa kutsogolera anthu osiyana miyambo, ndipo iwo anali atawonjezeramo tsamba lawolawo: Athanthwe ndi amwano, uziwakalipira, Adambo ndi abodza, uziwalumbiritsa, Afumbi ndi aulesi, uziwadzutsa. Anampatsa Dorofe ndi manja awiri ngati akupereka khanda. Kenako analamula kuti moni wakale wonse watha m'dziko muno. Kuyambira tsiku limenelo munthu azinena kuti "Tili limodzi," mnzake aziyankha kuti "Kwambiri."

Kumsika lamulolo analilandira bwino. Mayi wina wogulitsa matemba, ataona wapolisi akutola awiri n'kuponya m'kamwa, anati, "Tili limodzi, achimwene, koma matembawo ndi anga ndekha."

Ntchito inayamba ndi anthu makumi asanu ndi anayi. Athanthwe ankafika mbandakucha, motsogozedwa ndi a Tobiyasi, bambo wamfupi wa zala ngati mitu ya nyundo, ndipo ankayamba kusema miyala osayang'ana munthu. Adambo ankafika dzuwa litatuluka ndi mkulu wawo a Lufeyo, n'kuzungulira malo onse kupereka moni kwa aliyense, kufunsa za ana, za nkhuku, za chifuwa cha apongozi. Athanthwe ankangogwedeza mutu, ndipo Adambo ankapita kudzenje lawo atavulala mumtima. Afumbi ankafika ndi ngolo zawo n'kukhala pansi pa mtengo wa mthethe. Dorofe akaitana woyendetsa ngolo mmodzi n'kumutuma mchenga, munthuyo ankamvetsera mwaulemu, kenako n'kubwerera kumthunzi. Mtsogoleri wawo, Mayi Nazimbiri, mayi wamkulu thupi wosuta kaliwo, ankangoyang'ana utsi wake.

Dorofe anachita zonse zimene bukulo linanena. Anakalipira, analumbiritsa, anadzutsa. Atafunsa a Lufeyo ngati dzenje la chipilala choyamba lidzafike pa nthaka yolimba pofika Loweruka, iwo anagwira chipewa pachifuwa n'kunena kuti, "Zitheka, mayi." Loweruka linafika, dzenje linali litadzaza matope ngati phala. Sabata yachiwiri anatinso zitheka. Yachitatu a Tobiyasi anaima m'mphepete mwa dzenjelo n'kuuza a Lufeyo pamaso pa anthu awo kuti ndi munthu wabodza. A Lufeyo anathokoza chifukwa cha malangizowo, ndipo Adambo onse sanabwere kuntchito masiku awiri chifukwa cha maliro a munthu amene palibe anamudziwa dzina.

Mwezi utatha a Mphepozinayi anabwera kudzayendera ntchito, atavala nsapato zoyera. Anaimitsa anthu onse pamzere, nawauza kuti agwirane manja, ndipo anayankhula ola lathunthu za zala zisanu za dzanja limodzi. Pomaliza anafunsa ngati pali wina ali ndi mawu, poganiza kuti palibe. A Tobiyasi anali nawo.

"Pano mlatho sungaime," anatero. "Amene analoza pano analoza ndi mimba, osati ndi maso."

Madzulo a tsiku lomwelo a Tobiyasi anali ku Pumulanipo. M'mawa mwake Athanthwe anafika mbandakucha monga mwa masiku onse, anaika nyundo zawo pansi mumzere wowongoka bwino, n'kukhala kumbuyo kwake atapinda manja.

Dorofe anachoka pamalopo osauza munthu, n'kupita kukakhala kumsika pabenchi la mayi wogulitsa thobwa. Kunali kutentha kwa mwezi wa Okutobala, ndipo kumapiri mitambo inali itayamba kusonkhana masana aliwonse. Anawerengera masabata amene anatsala n'kupeza asanu ndi awiri. Anaganizira za ana ake aakazi awiri amene anali kusukulu yogonera konko, ndi za amene adzawalandire patchuthi iye akadzakhala ku Pumulanipo. Buku la a nduna linali pamiyendo pake, ndipo analitsegula kufuna tsamba lonena za munthu amene anthu ake onse amuleka. Munalibe.

Benchi linalira, ndipo pambali pake panakhala Mayi Nazimbiri. Anaitanitsa thobwa, anamwa theka, kenako anamuuza Dorofe kuti mwezi wonse wakhala akuwerenga za iwo m'buku pamene eni akewo ali pomwepo ndi pakamwa pawo. Anati kwawo ku Fumbi munthu akakutengera pambali n'kukutuma wekha, ndiye kuti akufuna kukubetsa kapena kukufunsira. Ntchito yoona imanenedwa pagulu, aliyense n'kuikapo mawu ake, ndipo ikatero palibenso wofunika kumudzutsa. Dorofe anafunsa chifukwa chimene sanamuuzire kale zimenezi.

"Munanditengera pambali," anatero Mayi Nazimbiri, n'kumaliza thobwa lawo.

Tsiku lotsatira Dorofe anakwera bwato kupita kumudzi kwa a Lufeyo. Anakhala pamphasa, anapereka moni, anafunsa za ana, za nkhuku, za chifuwa cha apongozi, ndipo anadabwa kumva kuti chifuwacho chinalipodi ndipo chinali chitakula. Anadya mlamba wootcha. Ntchafu zinachita dzanzi, koma za mlatho sanatchule. Dzuwa litapendeka anakumbukira mmene mayi ake ankafunsira zinthu kwa alendo, ndipo anayamba nkhani ya munthu wina, wakutali, amene ankafuna kumanga khola pamalo ofanana ndi paja pali zikhomo. Anafunsa kuti a Lufeyo akanamulangiza chiyani munthu woteroyo.

A Lufeyo anamasuka ngati munthu amene wavula nsapato zothina. Anati munthu wakutaliyo akanamumvera chisoni, chifukwa pamalo oterowo ng'ombe ya malume awo inamira ili chiimire, ndipo atalumikiza nsungwi zitatu kuti aifufuze sanakhudze ng'ombe kapena pansi. Koma munthuyo akanayenda kulowera kumtunda kwa mtsinje, mtunda wongotha fodya mmodzi, akanapeza Mwala wa Achule, pamene thanthwe limadutsa pansi pa madzi kuchokera tsidya lino mpaka tsidya linalo.

Dorofe anaiwala za munthu wakutali uja. Anafunsa chifukwa chimene anamusiyira kukumba matope masabata anayi osamuuza.

"Tinakuuzani katatu, mayi," anatero a Lufeyo modandaula. "Tinati zitheka. Tikanakhala kuti tavomera tikanati tayamba kale. Ndiye titaona kuti simukumva, tinati mwina a kapitawo ali ndi chifukwa chawo chokondera matope."

Ku Pumulanipo Dorofe anapeza a Tobiyasi akukonza khoma la chipinda chawo, limene anati linamangidwa ndi munthu wodana ndi miyala. Dorofe anali atakonzeka kuyamba ndi moni wautali, koma anadzigwira. Anangoti malo aja ndi olakwika, Mwala wa Achule ndiye pabwino, ndipo akufuna kudziwa zipilala zingati. A Tobiyasi anati zinayi. Anawonjezera kuti iye Dorofe ndi wamantha, chifukwa anaona yekha matope aja tsiku loyamba koma anaopa chala cha mfumu. Dorofe anavomera kuti ndi zoona. Anatinso iwo a Tobiyasi ndi chitsiru, chifukwa mawu oona anawataya pamaso pa munthu wa nsapato zoyera, ndipo tsopano akumanga khoma la ndende m'malo mwa mlatho. Kwa nthawi yoyamba chiyambire ntchito a Tobiyasi anamupatsa dzanja.

Kenako Dorofe anaitanitsa anthu onse pansi pa mthethe uja, Athanthwe ndi Adambo omwe, n'kuika nkhani pakati. Inatenga tsiku lathunthu. Afumbi anayankhula mmodzimmodzi, ena kubwereza zimene mnzawo wanena kumene koma ndi mwambi wina. Athanthwe anavutika ngati anthu odwala dzino. Pofika madzulo onse anagwirizana kuti mlatho upite pa Mwala wa Achule, ndipo panatsala funso limodzi lokha: ndani akauze mfumu kuti inaloza polakwika? Apa ngakhale Athanthwe anayang'ana pansi.

Mayi Nazimbiri anagogoda kaliwo wawo pamwala. Anati a kapitawo aphunzira mitundu itatu m'sabata imodzi, koma aiwala wachinayi, umene ndi wovuta kuposa yonse. Mtunduwo umakhala m'nyumba yachifumu. Uli ndi mavalidwe ake, magule ake, ndi mwambo umodzi waukulu: sumva mawu alionse pokhapokha atabadwira m'kamwa mwake.

Dorofe anadikira masiku atatu pabenchi la alendo mu Bweranimawa asanaloledwe kulowa. Anapeza mfumu ili pampando, nduna zitakhala mbali zonse ziwiri, a Mphepozinayi ali pafupi kwambiri. Anagwada, ndipo anati wabwera kudzapepesa.

"Mfumu yanga, ife anthu wamba tili ndi maso aafupi. Tsiku lija munaloza, ife tinayang'ana pamene chala chinathera, osati kumene chinkapita. Takumba matope mwezi wathunthu chifukwa cha umbuli wathu. Dzana ndinaima pansi pa khonde lanu n'kutsatira mzere wa chala chanu bwinobwino. Chinadumpha matope onse aja, n'kukagwera pa Mwala wa Achule, pamene pali thanthwe lobisika pansi pa madzi. Ife tadziwa za thanthwelo sabata ino. Sitikudziwa kuti inu munaliona bwanji muli pakhonde."

Mfumu inakweza chala chake cholozera n'kuchiyang'ana mbali zonse, ngati ikuchiona koyamba. Kenako inati yakhala ikudabwa mwezi wonse kuti anthuwa akufunanji m'matope muja, koma inafuna kuona ngati m'dziko muno muli munthu mmodzi wa maso. Nduna zinaomba m'manja. Mfumu inafunsa kuti anakhoma zikhomo polakwika ndani, ndipo thukuta linayamba kutsika m'khosi mwa a Mphepozinayi. Dorofe anaona kuti nduna yonyozeka ndi yoopsa kuposa ng'ona yanjala, choncho ananena msanga kuti zikhomozo zinasunthidwa ndi mphepo, ndipo chimene chinamutsegula maso ndi buku la a nduna. A Mphepozinayi anapuma, n'kuuza khonsolo kuti nkhani ya chala ili pa tsamba lachisanu ndi chiwiri.

Panatsala za a Tobiyasi. Mfumu inakumbuka kuti pali mmisiri wina amene ananena za mimba yake. Dorofe anafotokoza kuti kwa Athanthwe nzeru sizikhala m'mutu, poti mutu ndi fupa chabe, zimakhala m'mimba. Akati munthu waloza ndi mimba, ndiye kuti waona zimene maso sangaone. Mfumu inasisita mimba yake, imene inali ndi malo okwanira nzeru zambiri, ndipo inalamula kuti mmisiriyo atulutsidwe ndi kupatsidwa mbuzi.

A Tobiyasi atamva mmene anatulukira anakwiya kwambiri. Anati iwo ananyoza, ndipo chinyozo chawo chasandutsidwa nyimbo popanda chilolezo chawo. Anafuna kubwerera kukafotokoza bwino. Zinatengera Adambo anayi kuwazungulira ndi moni mpaka mkwiyo utaphwa. Mbuzi ija anailandira.

Masabata asanu ndi limodzi otsatirawo Dorofe anaonda, koma mlatho unakwera. Lamulo lililonse ankalinena katatu. Kwa Afumbi ankalinena pansi pa mtengo dzuwa lisanatenthe, ndipo anapeza kuti ola limodzi la mkangano linkagula tsiku lathunthu la ngolo zothamanga. Kwa Athanthwe ankalinena m'mawu asanu. Kwa Adambo ankayamba ndi nkhuku, ndipo akamva "zitheka" ankakhala pansi n'kufunsa za munthu wakutali uja. Sikuti anthuwo anayamba kukondana. Athanthwe ankanenabe kuti moni wa Adambo ungakalambitse munthu ali chiimire, ndipo Adambo ankapemphererabe Athanthwe mokweza kuti amve. Kangapo Dorofe anasokoneza, n'kukalipira wofunika kumunyengerera, ndipo ankayenera kuyenda ndi nkhuku m'manja kukapepesa.

Tsiku lina masana, kumwamba kuli kowala, a Tobiyasi anatenga chingwe kuti atsikire m'dzenje la chipilala chomaliza pamodzi ndi anthu awo asanu ndi mmodzi. A Lufeyo anali atayang'ana mtsinje kwa kanthawi. Anaona madzi asintha mtundu ndipo tizinyalala ta m'mapiri tikuyandama. Anayamba kunena kuti mwina, ngati a Tobiyasi sangaone ngati mwano, pali munthu wina wakutali amene... A Tobiyasi anali ataika kale phazi pa makwerero. Apo a Lufeyo anaponya chipewa pansi, anawagwira malaya, n'kukuwa mawu amene Mdambo sananenepo kwa munthu wamkulu chilengedwere dziko.

"Ayi!"

Aliyense anaima. Ngakhale ng'ombe zinatembenuka. A Tobiyasi, amene moyo wawo wonse ankadikira kuti Mdambo ayankhule ngati munthu, anachotsa phazi pa makwerero osafunsa funso. Pasanathe nthawi yophika tiyi, madzi a mvula ya kumapiri anafika ndi mkokomo, anadzaza dzenjelo, n'kutenga makwerero ndi mawilibala awiri. A Lufeyo anapepesa masiku atatu chifukwa cha mawu aja. Tsiku lachitatu a Tobiyasi anapita okha kukawapeza, anaima patsogolo pawo akuvutika ngati akumeza mwala, n'kufunsa kuti nkhuku zadzuka bwanji.

Mlatho unatha kutatsala masiku anayi kuti mvula yeniyeni igwe. Pa tsiku lotsegulira anamanga riboni yofiira pakhomo pake, anaika apolisi mbali zonse, ndipo anakhoma chikwangwani chokhala ndi dzina la mfumu, la a Mphepozinayi, ndi la mkazi wa a Mphepozinayi. Omanga anawaimika kumbuyo kwa chingwe, padzuwa. Mfumu inakhala pansi pa tenti ndi sizasi yagolide pamiyendo, kudikira kuti nduna zisanu ndi zitatu zimalize kuyankhula. Pofika masana inali ikuyankhula yachitatu.

Dorofe ndiye anayamba kuona ngolo ikubwera tsidya linalo, ng'ombe zikuthamangitsidwa. M'ngolomo munali mayi wapakati atagona pamphasa, amayi awiri atamugwirira, ndipo kulira kwake kunkamveka mpaka kutenti. Chipatala chinali tsidya lino. Wapolisi anaima pakati pa mlatho atatambasula manja, n'kunena kuti mlathowu sunatsegulidwe. Mmodzi wa amayi aja anamuuza kuti akauze yekha mwana ali m'mimbayo, poti iwo ayesa kumuuza sakumva.

Dorofe sanapereke lamulo lililonse, ngakhale kamodzi, ndipo pambuyo pake zimenezi ndi zimene ankazikumbukira kwambiri. Anangodumpha chingwe. Atacheuka anaona Mayi Nazimbiri akuthamangira kukagwira ng'ombe, a Lufeyo atazinga wapolisi uja ndi moni waulemu kwambiri moti munthuyo anabwerera chambuyo mpaka kukatsamira chitsulo cha m'mbali, ndipo a Tobiyasi atakweza riboni m'mwamba ndi ndodo yawo yoyezera. Ngolo inadutsa pansi pake, inadutsa kutsogolo kwa tenti, n'kuwaza fumbi pa nduna yachitatu, imene sinasiye kuwerenga.

Khamu lonse linaphulika ndi nthungululu. Mfumu, imene inali itayamba kuwodzera, inadzidzimuka, inaimirira, n'kugwedeza dzanja kuthokoza anthu ake chifukwa cha chikondi chawo. Inadula riboni patapita maola ena awiri, ndipo nyuzipepala ya boma inalemba kuti munthu woyamba kuwoloka mlatho wa Mtengazonse anali Mfumu Mlozanjira Wachitatu.

Madzulo ake Dorofe anapita kuchipatala ndi sopo ndi chitenje. Mwanayo anali wamkazi, wonenepa bwino, ndipo anabadwira pakhomo penipeni pa chipinda cha amayi. Dorofe anafunsa ngati amupatsa kale dzina. Mayi ake, ali chigonere, anamwetulira mofooka n'kunena kuti dzina anabwera nalo yekha.

Anamutcha Asanadule.